Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kulemba Nkhani Zopeka

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene ali ndi nkhani m'mutu koma sanailembe, kapena anailemba m'kope n'kuitsekera m'sutikesi. Ambiri ndi ophunzira a kusekondale, aphunzitsi, anamwino ndi amalonda amene amagwira cholembera usiku ntchito zina zikatha. Nkhani m'dziko muno zilimo zambiri, koma zolembedwa mpaka kumapeto n'kufika m'manja mwa owerenga n'zochepa, ndipo mayankhowa alembedwa pofuna kuti zichuluke.

Ndikufuna kulemba nkhani, koma ndiyambire pati?

Yambirani pa munthu mmodzi amene akufuna chinthu, koma pali chomutchinga. Musayambire pa mutu waukulu ngati umphawi, katangale kapena maukwati a ana. Mitu imeneyi ndi ya pamisonkhano. Nkhani imafuna munthu wokhala ndi dzina, ngongole ndi achibale.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe. Mwana wake wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, sukulu ikutsegulidwa Lolemba, ndalama zonse za mayiyu zili ku banki m'khonde, ndipo wosunga bokosi ndi mlamu wake amene wasiya kuyankha foni. Apa nkhani yayamba kale. Owerenga akufuna kudziwa ngati mayiyu apite kwa amfumu, kupolisi, kapena kwa mwamuna wake amene ndi mchimwene wa wosunga bokosiyo. Kulikonse kumene angalowere ataya kanthu, mwina ndalama, mwina ubale, mwina ulemu wake pamudzi, ndipo kutayako ndi kumene kumachititsa munthu kutsegula tsamba lotsatira.

Mukampeza munthu wotere, dzifunseni chimene akufuna lero, chimene akuopa, ndi chimene akubisira anzake. Kenako yambani kulemba pa tsiku limene zinthu zasokonekera. Olemba atsopano ambiri amatha masamba awiri akufotokoza kumene mtengambali anabadwira, sukulu imene anaphunzira ndi kukongola kwa dzuwa la m'mawa. Zimenezo dulani. Mbiri ya munthuyo izilowa pang'onopang'ono, pamene ikufunika.

Moyo wanga ndi wamba. Nkhani ndizitenga kuti?

M'makutu mwanu. Kwerani minibasi osavala zomvera nyimbo, mumve mmene kondakitala amakanganirana ndi gogo amene wapereka ndalama yoperewera. Khalani pachigayo, pamjigo, pamzere wa kuchipatala. Pamaliro mverani zimene adzukulu amalankhula akamakumba manda, zimene sizinenedwa m'mawu a mwini mbumba. Bwalo la amfumu pa mlandu wa malire a munda lingakuphunzitseni za nsanje ndi chibale kuposa buku lililonse la malangizo, ndipo milandu yambiri kukhoti la majisitireti munthu aliyense amaloledwa kukhala n'kumvetsera. Yendani ndi kakope m'thumba, muzilemba mawu enieni amene mwamva tsiku lomwelo, chifukwa pofika mawa mudzakhala mutawasalaza n'kuwachotsa mphamvu.

Kwinako ndi kuwerenga. Wolemba wosawerenga amabwereza zimene ena analemba kale osadziwa kuti akubwereza. National Library Service ili ndi likulu ku Lilongwe ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo mabuku a kaunjika amapezeka m'misika ya m'mizinda pamtengo wotsika. Nkhani ikakugwirani mtima, iwerengeni kachiwiri muli ndi pensulo. Onani pamene ndime yathera, chimene wolemba wakubisirani, ndi tsamba limene anakuululirani.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chiyankhulo chimene atengambali anu amakanganira ndi kupepesera. Ngati mayi wa tomato uja akulankhula Chichewa m'mutu mwanu, ndipo inu mukulimbana ndi kumasulira mawu ake asanafike papepala, mukutaya theka la nkhaniyo panjira.

Pali chimene chimakokera olemba ku Chingerezi, ndipo n'chomveka: mipikisano yaikulu ya kunja ndi magazini ambiri a pa intaneti amalandira Chingerezi. Amene Chingerezi chimamuyendera bwino alembe, palibe cholakwika. Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu amene Chichewa chake n'chakuthwa akulemba Chingerezi chouma chifukwa anauzidwa kuti Chichewa ndi cha nthabwala ndi nthano za ana. Si zoona. M'zaka za m'ma 1930, mphunzitsi wa kumishoni ya Nkhoma, Samuel Ntara, anapata mphoto pampikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa ndi nkhani yaitali imene analemba m'chiyankhulo chathuchi. Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, chimaphunzitsidwa m'sukulu, ndipo owerenga ake sathera pa Mchinji kapena pa Mwanza. Ali ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa, ku Zimbabwe, ndiponso pakati pa abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amene amalakalaka kuwerenga za kwawo pafoni.

Nkhani yabwino ya m'Chichewa ikhoza kumasuliridwa pambuyo pake, ndi inu nomwe kapena ndi mnzanu. Yambani ndi kuilemba bwino.

Chichewa chake chiti, cha m'mabuku a kusukulu kapena cha m'tauni?

Zonse ziwiri zili ndi malo ake. Mfotokozankhani, amene akutitsogolera m'nkhanimo, nthawi zambiri amayenera Chichewa chokhazikika chimene munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Kasungu angachimve mofanana. Koma atengambali alankhule monga amalankhulira. Mnyamata wa kabaza ku Ndirande sanganene kuti "ndilibe ndalama m'thumba mwangamu" polankhula ndi mnzake. Agogo a ku Dedza nawo sangalankhule ngati wowerenga nkhani pawailesi. Chenjezo n'lakuti mawu a achinyamata amasintha msanga, ndipo amene akumveka atsopano chaka chino angadzakhale achikale buku lanu lisanatuluke. Ikani ochepa, okwanira kuti timudziwe wolankhulayo.

Kalembedwe ndi nkhani ina, ndipo apa musadzimvere chisoni. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anatulutsidwa ndi Chichewa Board mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo kuyambira mu 1996 ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, imene inatulutsanso mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha. Fufuzani mabukuwa mulaibulale kapena kwa mphunzitsi wa Chichewa amene muli naye pafupi. Zolakwika zimene akonzi amakumana nazo tsiku ndi tsiku ndi zomwezomwezo: kusiya nkhodolero (') m'mawu ngati m'nyumba ndi ng'ombe, kudula mawu amene ayenera kulumikizana, ndi kulowetsa m'nkhani kalembedwe kachidule ka pa WhatsApp. Palinso nkhani ya "anapita" ndi "adapita". Nyuzipepala ndi mabuku ambiri a kusukulu amakonda "adapita", pamene anthu ambiri polankhula amati "anapita". Sankhani njira imodzi ya mfotokozankhani wanu ndipo muisunge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ngati mukulembera owerenga a ku Zambia, kumbukirani kuti kumeneko amalemba "cifukwa" pamene ife timalemba "chifukwa".

Kodi nkhani iliyonse iyenera kukhala ndi phunziro?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse ali pano. Tonse tinakulira pamayeso ofunsa kuti "tchulani phunziro lopezeka m'nkhaniyi", choncho tikayamba kulemba timayamba ndi phunziro, kenako n'kufunafuna anthu oti alisenze. Zotsatira zake ndi nkhani imene tonse tinaiwerengapo kambirimbiri: mtsikana wanzeru wa kumudzi apita kutauni, akopeka ndi bambo wagalimoto, asiya sukulu, adwala, abwerera kumudzi, ndipo ndime yomaliza ndi wolemba akudzudzula atsikana onse. Wowerenga amadziwa mathero ake ali patsamba loyamba, ndipo mtsikanayo sakhala munthu. Amangokhala chikwangwani cha chenjezo.

Zinthu zoterezi zimachitikadi, ndipo kuzilemba n'koyenera. Koma lembani mofuna kumvetsa. Kodi mtsikanayo ankadya chiyani sabata imene anakwera galimoto ija? Amayi ake atalandira shuga ndi sopo kuchokera kutauni, anafunsa kumene zachokera? Bambo wagalimotoyo akafika kunyumba kwake amakhala munthu wotani kwa ana ake aakazi? Mukayankha mafunso amenewa moona mtima, nkhaniyo idzaluma kwambiri kuposa ulaliki, chifukwa wowerenga adzadzipeza ali m'katimo, mwina kumbali imene sankayembekeza.

Ngakhale nthano za pamoto zimene timati n'zophunzitsa, agogo odziwa kusimba sankamuyeretsa Kalulu. Ankamusiya akhale wochenjera, wabodza, wadyera, ndipo ana ankamukonda ndi kumuopa nthawi imodzi. Phunziro linkabwera lokha, nthano itatha, mwana akuganiza yekha pamphasa. Khulupirirani owerenga anu chimodzimodzi. Ngati ndime yanu yomaliza ikuyamba ndi "choncho abale anga", ifufuteni, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti nkhani inathera bwino pa ndime ya pamwamba pake.

Atengambali anga akamalankhula zimamveka ngati sewero la kusukulu. Ndikonze bwanji?

Vuto limakhala lakuti aliyense akunena ndendende chimene chili mumtima mwake, ndiponso akuuzana zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale kuti wowerenga amve. Anthu athu salankhula choncho. Mpongozi akakwiya ndi mkamwini sanena kuti "ndakwiya nawe". Amafunsa mwaulemu wonse ngati kwawo kwa bambowo denga limafoleredwa ndi akazi. Mkazi amene wadziwa chinsinsi cha mwamuna wake akhoza kungoika madzi osamba n'kunena kuti, "Lero mwafulumiratu." Mphamvu ya zokambirana ili pa chimene sichikunenedwa.

Samalaninso kaitanidwe, chifukwa Chichewa chimaulula ubale wa anthu m'mawu amodzi. Mkazi amene zaka zonse amati "bambo a mwana" kapena "aPhiri", tsiku limene adzanene kuti "iwe" wowerenga adzadziwa kuti banja lagwedezeka popanda inu kufotokoza. Mwana amene wabwera kuchokera kutauni n'kupatsa moni amalume ake ataimirira watiuza kale zambiri za iye. Zida zimenezi wolemba wa Chichewa ali nazo zaulere, koma ambiri sazigwiritsa ntchito.

Mukalemba zokambirana, ziwerengeni mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pakonzeni. Moni wautali wa "mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu" musamulembe yense pokhapokha ngati muli kanthu m'moniwo, monga munthu amene wayankha mozizira. Ndipo "anatero" ndi wokwanira. Simufunika kusinthasintha ndi "anafuula mokwiya kwambiri" pa mzere uliwonse.

Miyambi ndi zining'a ndiziika zochuluka bwanji?

Zochepa, ndipo zizituluka m'kamwa mwa munthu woyenera pa nthawi yoyenera. Nkhoswe pa mlandu wa banja ikhoza kuponya mwambi umodzi umene ungatseke pakamwa aliyense. Koma wolemba akamathira mwambi m'ndime iliyonse pofuna kuonetsa kuti Chichewa amachidziwa, nkhani imaima kuti iye aonekere. Mwambi umakoma kwambiri pamene wolankhula akuugwiritsa ntchito mokhotetsa, kudzitchinjiriza nawo pa cholakwa chake.

Nkhani yaifupi italike bwanji? Nanga ndiyambe ndi buku lathunthu?

Ya m'nyuzipepala imakhala yaifupi kwambiri chifukwa cha malo, choncho werengani mawu a nkhani imene yatuluka kale patsambalo n'kutsatira muyeso womwewo. Mipikisano imanena yokha malire ake. Langizo langa n'lakuti muyambe ndi nkhani zazifupi zingapo musanalowe m'nkhani yaitali. Nkhani yaifupi imakuphunzitsani kumaliza, ndipo ikalephereka mwataya masabata, osati zaka.

Ndilibe kompyuta. Kodi ndingathe?

Mungathe. Kope ndi cholembera n'zokwanira polemba koyamba, ndipo sizidalira magetsi. Foni yamakono nayo ndi makina olembera: Google Docs kapena WPS Office zimalola kulemba ndi kusunga nkhani, ndipo kiyibodi yaing'ono yolumikiza ku foni imapeputsa ntchito kwa amene angaipeze. Zimitsani chokonza mawu cha m'foni ngati chili pa Chingerezi, apo ayi chidzakusandutsirani mawu a Chichewa kukhala zinthu zosamveka.

Chachikulu ndi kusunga. Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, makope amadyedwa ndi chiswe. Mukamaliza gawo lililonse dzitumizireni pa imelo, ndipo ngati mukulemba pamanja jambulani masambawo. Imeloyo idzakuthandizaninso kusonyeza tsiku limene munalemba. Mukapita kokatayipitsa, khalani pomwepo kapena werengani zonse bwinobwino pambuyo pake, chifukwa otayipa ambiri anazolowera makalata a Chingerezi, ndipo onetsetsani kuti nkhani yanu yafufutidwa pakompyuta yawo mukatenga yanu.

Ndimayamba nkhani zambiri koma sindimaliza. Chikundivuta n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi chimodzi mwa ziwiri. Mwina mukukonza tsamba loyamba mobwerezabwereza m'malo mopita patsogolo, kapena mtengambali wanu alibe chosankha chovuta chimene chikumudikira, choncho nkhani yasowa kolowera. Pa vuto loyamba, dziletseni kuwerenga zam'mbuyo mpaka mutafika kumapeto, ngakhale zimene mukulembazo zikuoneka zosalongosoka. Pa lachiwiri, bwererani kwa munthu wanu n'kumupanikiza: chimene akuopa chija chichitike.

Dziikireni nthawi yoti mungaikwanitse, kaya ndi theka la ola m'mamawa ana asanadzuke, kaya ndi nthawi ya nkhomaliro kuntchito. Tsamba limodzi patsiku, osadumpha, limakwana buku pakutha pa chaka. Ndipo siyani kusimbira anzanu nkhani imene simunailembe. Mukaisimba pakamwa, njala yoilemba imatha.

Ndamaliza kulemba. Nditumize pompano?

Ayi, dikirani. Ibiseni kwa masabata awiri kapena atatu, kenako muiwerenge ngati yalembedwa ndi munthu wina. Poyamba yang'anani zikuluzikulu: kodi nkhani yayambira pamalo oyenera, kodi pali mtengambali amene atachotsedwa palibe chingasinthe, kodi mathero achokera m'zochita za anthuwo kapena mwangogwetsa ngozi ya galimoto kuti muthane nawo? Maloto nawonso ndi njira yothawira. Nkhani yothera pa "anadzidzimuka, anali maloto" imakhumudwitsa amene wakupatsani nthawi yake. Onaninso maso amene tikuonera nkhaniyo. Ngati mwayamba ndi "ine", munthu ameneyo sangadziwe zimene mnzake akuganiza m'chipinda china. Zimenezi zikakhazikika, ndiye mubwere ku ziganizo ndi kalembedwe.

Kenako ipatseni anthu awiri kapena atatu owerenga mabuku, osati okukondani chabe. Musawafunse ngati ili bwino, chifukwa mwaulemu wathu adzati ili bwino. Afunseni pamene anatopa, pamene sanamvetse, ndi munthu amene anamukhulupirira kwambiri. Akamayankha, inu khalani chete n'kumalemba.

Mwambo wowerengerana zolemba si wachilendo kuno. Gulu la olemba la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970, linkakumana kuti aliyense awerenge zake ena n'kuzisenda, ndipo m'gulumo munatuluka olemba amene adziwika kunja kwa dziko lino. Anthu anayi okumana pansi pa mtengo Loweruka masana, kapena pagulu la WhatsApp lokhala ndi lamulo lakuti aliyense abweretse masamba, akhoza kuchita zomwezo. Bungwe la olemba la Malawi Writers Union, limene ambiri amangoti MAWU, lakhalapo kuyambira mu 1995, ndipo ndi khomo labwino lodziwirana ndi olemba ena ndi kumva za mipikisano ya m'dziko muno.

Nkhani yanga ndingaitumize kuti?

Olemba ambiri a kuno anayambira m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata. Malawi News ndi Weekend Nation zakhala zikutulutsa nkhani zazifupi za m'Chingerezi, ndipo kwa wolemba Chichewa masamba a Chichewa a m'nyuzipepala ngati Tikambe, Tamvani ndi Msangulutso ndiwo oyenera kuwawerenga ndi kufunsa akonzi ake zimene amalandira. Gulani nyuzipepalayo milungu ingapo musanatumize kanthu. Tumizani nkhani yotayipidwa bwino, yokhala ndi mutu, dzina lanu ndi nambala ya foni, pamodzi ndi kalata ya mizere itatu. Musalembe mbiri ya moyo wanu wonse, ndipo musaimbire mkonzi foni m'mawa mwake.

Wailesi musaiiwale. Amalawi ambiri nkhani amazimvera m'makutu, ndipo masewero a pawailesi, kuyambira Sewero la Sabata Ino la pa MBC mpaka a bungwe la Story Workshop ku Blantyre, aphunzitsa olemba ambiri luso la zokambirana. Mawailesi a m'madera nawo amasowa zoulutsa za m'chiyankhulo cha anthu awo.

Pa mabuku, mayina amene mudzakumane nawo ndi monga Dzuka, CLAIM, Jhango, Montfort Media ku Balaka ndi Kachere ku Zomba. Aliyense ali ndi mtundu wa mabuku umene amaukonda, ena za chipembedzo, ena za maphunziro apamwamba, choncho pitani m'sitolo ya mabuku muone amene watulutsa buku lofanana ndi lanu. Dziwaninso kuti msika waukulu wa mabuku m'Malawi ndi sukulu. Buku la Chichewa likasankhidwa kukhala lowerengedwa pamayeso a JCE kapena MSCE limagulidwa m'dziko lonse, n'chifukwa chake ofalitsa mabuku amatchera khutu ku zofuna za silabasi ndi za bungwe loikonza, Malawi Institute of Education ku Domasi. Kudziwa zimenezi n'kothandiza, koma musalembe buku lanu loyamba ndi diso la ofunsa mayeso. Mudzabwerera ku ulaliki uja.

Olemba nkhani za ana ayang'ane African Storybook pa intaneti, imene imasunga timabuku ta ana m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo. Kumeneko nkhani zimaperekedwa kuti aliyense aziwerenge ndi kuzimasulira mwaulere, choncho ndi malo opezera owerenga, osati ndalama.

Nanga mipikisano ya kunja?

Itatu ndi yofunika kuidziwa. Commonwealth Short Story Prize imalandira nkhani zosasindikizidwa za mawu 2,000 mpaka 5,000, kulowa n'kwaulere, ndipo khomo limatsegulidwa pa 1 Seputembala n'kutsekedwa pa 1 Novembala. Wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000. Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa zikhoza kulowa, ndipo nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera m'chiyankhulo china imaloledwa, kutanthauza kuti nkhani yanu ya m'Chichewa ili ndi njira yofikirako.

Caine Prize, imene inayamba mu 2000, ndi ya nkhani zimene zasindikizidwa kale m'Chingerezi, ndipo amatumiza ndi wofalitsa, osati wolemba. Mphoto yake ndi mapaundi 10,000. Mmalawi Stanley Kenani anafika pamndandanda wa omaliza kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Miles Morland Foundation imapereka thandizo la ndalama kwa chaka chathunthu kwa olemba obadwira mu Africa kuti alembe buku m'Chingerezi, koma imafuna munthu amene anasindikizapo kale, ndipo wolandira amayenera kutumiza mawu 10,000 mwezi uliwonse.

Malamulo amasintha, choncho werengani a chaka chimenecho patsamba la eni ake. Mpikisano wofuna ndalama zambiri zolowera, wosanena oweruza ake kapena amene anapambana m'mbuyomu, usiyeni.

Kodi ndingasindikize ndekha buku langa?

Inde, ndipo ambiri akutero. Koma siyanitsani wofalitsa ndi wosindikiza. Wofalitsa amasankha buku, amalikonza, amalipira zonse, amaligulitsa, inu n'kumalandira gawo lanu. Wosindikiza ndi mwini makina: mumamulipira, amakupatsani makatoni a mabuku, ntchito yogulitsa n'kukhala yanu. Amene akudzitcha wofalitsa koma akufuna kuti inu mulipire zonse, kenako iye atengenso umwini wa bukulo, muthaweni.

Mukasankha kudzisindikizira, ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi wodziwa Chichewa, yachiwiri kwa wojambula chikuto. Buku lodzaza ndi zolakwika limaononga dzina lanu ndi la mabuku a Chichewa onse. Nambala ya ISBN, ya manambala 13 imene masitolo ndi malaibulale amazindikirira buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko kope. Yambani ndi makope ochepa. Funsani mitengo kwa osindikiza angapo, onani buku limodzi lachitsanzo musanavomereze onse, ndipo werengerani mtengo wogulitsira mutaphatikiza gawo limene sitolo idzadule.

Ena amatulutsa nkhani zawo m'zigawozigawo pa Facebook kapena pa WhatsApp, owerenga n'kumalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti alandire zotsatira. Njirayi imakupatsani owerenga msanga ndipo imakuphunzitsani kuthera gawo pamalo okoka mtima. Kuipa kwake n'kwakuti fayilo ikangotuluka imayenda yokha m'magulu, ndiponso nkhani imene yaikidwa poyera pa intaneti mipikisano yambiri imaitenga ngati yosindikizidwa kale. Imene mukufuna kukapikisana nayo isungeni.

Ndikuopa kuti wina andibera nkhani. Ndidziteteze bwanji?

Mwa lamulo, nkhani ndi yanu kuyambira pamene mwailemba. Lamulo la umwini wa zaluso limene likugwira ntchito m'Malawi ndi la 2016, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ambiri amaliganizira ngati la oimba okha, koma olemba nawo amalembetsa ndi kudziwitsa bungweli za ntchito zawo. Dziwani kuti chotetezedwa ndi nkhani imene mwalemba, osati ganizo lake. Wina akhoza kulemba yake ya mayi wa tomato ndi mlamu wake, ndipo sanakubereni.

Mantha amenewa asakulepheretseni kuonetsa ntchito yanu. Malo amene olemba amatayira zambiri ndi pa mgwirizano umene asayina osawerenga. Onani ngati mukugulitsa umwini wonse kapena mukungopereka chilolezo cha zaka zowerengeka, ngati chilolezocho chikukhudzanso kumasulira, wailesi ndi kanema, ndiponso ngati bukulo lidzabwerera kwa inu likadzasiya kusindikizidwa. Pemphani kupita nalo kunyumba pepalalo, ndipo muonetse munthu wodziwa malamulo.

Ndingalembe za anthu enieni, monga achibale anga?

Wolemba aliyense amatapa kwa anthu amene amawadziwa, koma musawakopere. Sinthani dzina, mudzi, ntchito ndi maonekedwe, sakanizani anthu awiri kapena atatu kukhala mmodzi. Kunamizira munthu wodziwikiratu mlandu m'nkhani kungakufikitseni kukhoti, ndipo ngakhale zisafike kumeneko, azakhali anu adzadzizindikira. Dzifunseni ngati mukulemba kuti mumvetse munthuyo kapena kuti mumubwezere. Nkhani yobwezera imaonekeratu, ndipo kawirikawiri imakhala yofooka chifukwa mbali imodzi yokha ndiyo imaloledwa kulankhula.

Kodi kulemba nkhani kungandidyetse?

Kwa ambiri, kulemba nkhani zopeka pakokha sikukwanitsa kulipira lendi, ndipo olemba odziwika a kuno pafupifupi onse akhala ndi ntchito ina: uphunzitsi, utolankhani, za malamulo, za mawerengero a ndalama. Musasiye ntchito kapena sukulu chifukwa cha buku loyamba. Gawo la wolemba kwa ofalitsa ambiri limazungulira pa 10 pa 100 iliyonse, ndipo funsani ngati akuwerengera pa mtengo wa pachikuto kapena pa ndalama imene wofalitsa walandira sitolo itadula kale gawo lake, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu. Mgwirizano unenenso kuti lipoti la makope ogulitsidwa muzilandira kangati pachaka.

Luso lolemba nkhani limatsegula makomo ena amene amalipira msanga: kulemba masewero a pawailesi ndi pakanema, kumasulira, kukonza zolemba za ena, kulemba timabuku ta ana ta mabungwe a zamaphunziro. Anthu olemba Chichewa chomveka ndi cholondola ndi ochepa kuposa mmene ntchito zoterezi zikuwafunira. Mukapatsidwa ntchito yotere, gwirizanani mtengo ndi tsiku lolipira polemba musanayambe, ndipo pa ntchito yaikulu pemphani gawo lina la ndalamayo poyambirira.